Zaka Ziwiri za Zamawa

Mtanda unali utatha. A Dunstan, kalipentala wa pampingo, anali ataupala, kuupaka penti yoyera kawiri, n'kuuyedzamiritsa kukhoma la shedi yawo kuti uume. Chotsala chinali zilembo basi. Elenala anabwera ndi pepala la kusukulu la mwana wake atalikulunga m'mpango, nakhala pachitsa, miyendo ili mbuu ndi fumbi la kopuntha mpunga.

A Dunstan anakankhira magalasi pamphuno nawerenga mokweza, monga amachitira ndi zolengeza m'tchalitchi.

"Sophia Zamawa Bizweki. Anabadwa pa 1 Januwale 1971. Tsiku lomwalira ndikulidziwa, 9 Febuluwale chaka chino, bokosi ndinakhoma ndine. Ndiye kuti zaka sikisitini. Ndilembe chomwecho, mayi?"

"Zingati?"

"Sikisitini."

"Ayi. Wanga ndi wa chaka chimene nyanja inauma."

A Dunstan anayang'ananso pepala lija. "Nyanja inauma sikisite eyiti. Apa alemba sevente wani."

"Alemba bodza."

Bodzalo Elenala ankalidziwa kumene linachokera. Zamawa analemba mayeso a Sitandade 8 katatu osasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo ulendo wachitatu aphunzitsi anati msinkhu wapitirira, tiudule pang'ono. Anadula zaka ziwiri ndi miyezi pamwamba. Sanali yekha. Theka la kalasi imene ija linabadwa tsiku limodzi, pa Nyuwere, ngati anapiye a thadzi limodzi. Nthawi imeneyo Elenala sanadandaule. Zaka zinali zambiri kutsogolo, ziwiri zinali chiyani?

"Chabwino, sikisite eyiti," anatero a Dunstan. "Mwezi wanji? Tsiku lanji?"

"Linali Loweruka."

"Loweruka liti, mayi? Loweruka limabwera sabata iliyonse."

"Kunkatentha. Pa wailesi pankaimba nyimbo ija ya mawa."

A Dunstan anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya mayiyo anakhosomola. "Nyimbo sindingailembe pamtanda. M'buku la mpingo mwafunsa?"

"Muli tsiku la ubatizo lokha. Anabatizidwa akuyenda kale, analuma abusa chala."

"Ndiye zavuta. Abale anu akukalambula kumanda Loweruka likubwerali, mtanda uyenera kukazikidwa tsiku lomwelo. Penti yakuda imafuna tsiku lathunthu kuti iume. Likafika Lachisanu musanabwere, ndilemba za papepalazi. Kapena tingolemba chaka chokha."

"Chaka chokha ngati ng'ombe?" Elenala anadzuka, nakutumula chitenje. "Musalembe kanthu. Ndibwera nalo."

Ili linali Lachitatu.

Kunyumba anapeza amuna ake, a Bizweki, atakhala pansi pa mtengo wa mango akuluka mono. Anamvetsera nkhani yonse maso ali pa nsungwi.

"Ukudzivutitsa chabe, make Enoki. Kumandako akawerenga ndani? Mbuzi?"

"Ndikawerenga ine."

"Iwe sudziwa ngakhale a."

"Ndikadziwa kuti palembedwa zoona. Imfa yandilanda mwana, tsopano pepala lindilande zaka ziwiri? Zaka ziwiri zimenezo ndinamubereka kumsana ine, nyanja itauma, inu muli ku Thyolo kuthyola tiyi. Munabwera mwana akuyenda kale. Musandiuze za mbuzi."

A Bizweki anapitiriza kuluka. Iwonso anali ataonda kuyambira Febuluwale, koma chisoni chawo chinali cha mtundu wosayankhula, choluka miono yoposa imene angatchere. Ndiwo anayamba kumuitana Elenala kuti make Enoki m'malo mwa make Zamawa, potengera mwana wachiwiri, mudzi wonse n'kutsatira. Ankati akumuchitira chifundo. Elenala ankangoona ngati anthu akusesa pabwalo mwana wake atangodutsapo.

Mu Febuluwale muja Zamawa anapita kudoko la ku Kachulu Lachisanu lina kukathandiza azakhali ake kuwamba matemba. Anachoka akuseka, atabisa sopo wa amake m'thumba. Lamulungu anayamba kutsegula m'mimba, Lolemba dzuwa lisanakwere anali atapita. Kolera. A zaumoyo anabwera ndi magolovesi ndi mpope wa mankhwala, nakulunga mtembo m'pulasitiki yakuda. Anati wina asaukhudze, wina asausambitse, pasiwa pasagone munthu, pasaphikidwe chakudya, ngakhale kupatsana moni wa pamanja ayi. Ankanena zoona, Elenala sanatsutse. Koma kwaya inaimba itaima patali ngati ikuopa galu, ndipo dzuwa lisanapendeke zonse zinali zitatha. Mwana amene anamusambitsa kuyambira ali kakhanda anapita osasamba. Nkhope sanaione. Diresi la buluu limene akanamuveka linali likadali m'sutikesi. Panalibe chimene manja ake anamuchitira mwanayo pomaliza, ndipo chimene chinatsala tsopano chinali mtanda umenewu.

Tsiku lobadwa la mwana wake ankalikumbuka lonse, kupatula nambala yake. Anali mtsikana wa mimba yoyamba. Nyanja inali itathawa, mabwato atagona chammbali pamatope ong'aluka, mphepo ikunyamula fumbi loyera lonunkha nsomba zakufa. Anayenda wapansi mpaka ku Kachulu poganiza kuti apeza lole yopita ku Zomba kuchipatala, osadziwa kuti malole analeka kubwera, popeza kunalibe nsomba zoti anyamule. Matenda anamuyambira pakhonde la sitolo pamene pankasoka telala wina, Che Amidu. Mkazi wa telalayo, Falida, anamukokera m'chipinda cha kuseri. Amuna onse anabalalika, koma Che Amidu sakanasiya makina pakhonde, ndiye anangokweza wailesi mpaka pamapeto kuti odutsa asamve kubuula kwa mkazi wa mwini.

Loweruka masana wailesi inkawerenga nyimbo zimene anthu apempha kwambiri sabata imeneyo, kuyambira ya nambala teni kutsika. Elenala anamva zonse khumi ali chigonere pamphasa, mano ali pa chitenje. Itafika ya nambala wani mwana anatuluka. Inali nyimbo ya ku Kongo, ya magitala oyenda ngati madzi, mawu ake osamveka, kupatula liwu limodzi limene woimbayo ankalibwereza: mawa, mawa. Kachulu yense ankaiimba chaka chimenecho. Asodzi opanda nyanja ankavina pafumbi n'kumati mwamva, ngakhale wa ku Kongo akuti mawa, madzi abwera mawa. Falida atafunsa kuti mwanayu ndani, Elenala sanaganize kawiri.

Lachinayi anadzuka nkhuku zikutsika, namanga khadi la chipani pakona ya chitenje kuopa achinyamata a pamsika, nauyamba. Njira inadutsa m'minda ya mpunga yokololedwa, ziputu zokhazokha, ng'ombe zikudya mapesi. Anafika ku Kachulu dzuwa litakwera. Nyanja inali yodzaza tsopano mpaka m'mabango, phiri la Chisi likuoneka ngati layandama. Pamathandala panali matemba ali waa, utsi wa milamba ukulowa m'maso. Sanayang'ane kumene kunali uvuni wa azakhali a mwana. Anadutsa ngati wakuba.

Sitolo ija inasintha eni kawiri, koma khonde linali lomwelo, makina omwewo, ndi Che Amidu omwewo, kungoti ndevu zinali zitayera. Pambali pawo panakhala nkhalamba ina yonenepa, ikudzisewerera bawo yokha, manja onse awiri.

"Odi, Che Amidu."

Telala anaimitsa phazi, nasuzumira pamwamba pa magalasi. "Ii, amake Zamawa! Fikani, fikani. Khalani apa pali mthunzi."

Elenala anakhala msanga. Miyezi isanu ndi umodzi palibe anamuitana choncho.

"Tinamva," anatero Che Amidu motsitsa mawu. "Pepani kwambiri. Tinafuna kubwera koma anatiletsa. Malemu mkazi wanga akanakhala moyo akanaswa lamulo ameneyo, ankati mwana uja ndi wake."

"Zikomo. Sindikhalitsa, ndabwera ndi funso limodzi. Mwana uja anabadwa pa chiyani?"

"Pa chiyani bwanji?"

"Deti. Akufuna kulemba pamtanda."

Che Amidu anakanda m'ndevu. "Mayi, zaka zimenezo! Ndikukumbuka kutentha, ndikukumbuka mabatire anandithera tsiku limenelo. Koma deti, ayi ndithu."

"Munkalemba m'buku. Ndinkakuonani."

"Miyeso ya anthu, inde. Chiuno, phewa, msinkhu." Anaima kaye. "Komatu dikirani. Masiku amenewo ndinali ndi misala ya wailesi. Loweruka lililonse ndinkalemba nyimbo ya nambala wani pamwamba pa tsamba, kuti anyamata akamatsutsana ndiziwatsegulira buku. Inali nyimbo iti?"

"Ya mawa."

"Zinalipo zingapo za ku Kongo chaka chimenecho. Taiyambani pang'ono."

Elenala anayang'ana uku ndi uku. Chiikire maliro sanaimbepo, ngakhale m'tchalitchi ankangotsegula pakamwa. Koma anali atayenda mtunda wonsewo. Anaweramitsa mutu naing'ung'udza, mawu ali okhakhala ngati chitseko, mpaka pamene pamabwera liwu lija. Mawa, mawa.

Nkhalamba ya bawo inataya nkhomo m'manja.

"Eee! Imeneyo! Amidu, ukuimva? Mayi, mwandibweza kutali!" Inayamba kugwedeza mapewa ili chikhalire. "Tinathera nsapato imeneyo. Koma anthu a kuno munandiseketsa chaka chimene chija, iii! Doko lonse, mawa madzi abwera, mawa madzi abwera. Munthu akulira, inu mukuvina!"

"Che Abudu, sewerani bawo lanu," anatero telala.

"Ndikunama? Ine ndakhala ku Kongo zaka seveni, chinenero chawo ndinkatukwanira nacho akapitawo. Mawa wa kumeneko si mawa wathuyu ayi, mayi. Kwawoko mawa ndi chisoni. Mkazi wamuthawa mnyamatayo, ndiye akuti chisoni, chisoni, chandipha chisoni ine. Palibe za kucha kwa dzuwa pamenepo. Koma Anyanja inu, kumva liwu limodzi basi, mwamaliza kale kumasulira!"

Anaseka yekha. Atazindikira kuti akuseka yekha, anayang'ana mnzake.

"Ndalakwanji?"

"Awa ndi amake Zamawa," anatero Che Amidu. "Mtsikana uja wa mu Febuluwale."

Che Abudu anagwira pakamwa. Anayesa kutola nkhomo zija, zina n'kugweranso pansi. "Pepani, mayi. Pakamwa panga pamafuna chigamba, telala ali pompano koma amakana kusoka." Palibe anaseka. Anadzuka movutikira, nati nthawi ya swala kumzikiti yayandikira, ngakhale dzuwa linali lisanafike pamutu, napita akukoka sandasi.

Kudoko wina ankaitanira anthu okwera bwato la ku Chisi.

"Munkadziwa?" anafunsa Elenala.

"Che Abudu anandiuza mwana ali ndi miyezi itatu. Ine ndi malemu tinakambirana, tinati dzina likaperekedwa laperekedwa. Tikanakuuzani kuti mutani nalo?"

Elenala anayang'ana mapazi ake. Zaka zonsezi. M'mawa uliwonse, dzuka Zamawa, katunge madzi Zamawa, Zamawa wamva kodi? Ankayesa kuti akuitana tsiku labwino limene likubwera, pamene ankaima pakhomo n'kumakuwira chisoni kuti chibwere kunyumba, chisachedwe, kwada. Ndipo chinamva. Amayi ake omubereka anakana dzinalo kuyambira pachiyambi, ankati dzina sutola pamsewu, dzina limalondola mwini wake. Iye anawayankha mwachipongwe cha mtsikana amene wabereka yekha popanda wothandiza wa kwawo.

"Sindinabwerere zimenezo," anatero. "Bukulo lili kuti?"

Che Amidu analowa m'nyumba, natuluka akukoka thiranki yachitsulo. M'katimo munali makope a ana a sukulu, ambirimbiri, omangidwa m'mitolo ndi timizere ta nsalu. Mphemvu zinabalalika.

"Awa ndi a madiresi aatali, lamulo litabwera," ankadziyankhulira akusanthula. "Chaka chimenecho ndinasoka mipendero yokhayokha, akazi onse a kuno kwa Mwambo kudzawonjezera nsalu kumunsi. Tibwerere m'mbuyo. Awa ndi a madzi atabwerera. Awa... eya. Sikisite eyiti. Taonani kuonda kwake. Anthu analibe chosokera."

Ananyowetsa chala natsegula masamba pang'onopang'ono, mphuno ili pafupi ndi pepala. Ogasiti. Sepitembala.

"Nayi. Loweruka, 5 Okutobala. Nambala wani, ya ku Kongo, ya mawa."

"Basi, lembani."

"Dikirani." Anatsegula tsamba lina, kenaka lina. Nkhope inagwa. "Pa 12, yomweyo. Pa 19, yomweyonso. Pa 26 ndiye inagwa, inalowa ina ya ku Joni. Inakhala pamwamba masabata atatu, mayi."

"Ndiye liti mwa atatuwo?"

"Sindinalembe."

"Munalemba nyimbo, osalemba kuti m'nyumba mwanu mwabadwa munthu?"

"Linali buku la miyeso," anatero Che Amidu mwamanyazi. "Ndinali mnyamata, mutu unali ku magitala. Tingotenga lapakati. Tikalakwa tilakwa ndi sabata imodzi yokha."

"Aphunzitsi ananenanso choncho, tingotenga. A Dunstan akuti tingolemba. Amuna anga akuti akawerenga ndani. Aliyense akungotenga pa mwana wanga." Anakweza mawu. "Ndayenda kuchokera kwathu kudzamva kuti ndinamutcha mwana chisoni, ndibwerere ndi tingotenga?"

Che Amidu anatsitsira buku lija pamiyendo. Ndi pamene Elenala analiyang'ana bwino. Zilembo kwa iye zinali nyerere, koma m'mphepete mwa tsamba lililonse munali tizidutswa ta nsalu, tating'ono ngati chikhadabo, tobayidwa ndi mapini adzimbiri.

"Tinsaluti n'tachiyani?"

"Kuti ndisasokoneze. Munthu akasiya nsalu yake, ndimadula kachidutswa n'kubaya pa miyeso yake."

"Patseni kuno."

Analandira bukulo ndi manja awiri. Tsamba la pa 5 linali ndi khaki, khaki winanso, ndi kansalu koyera ka malaya. Anayendetsa chala, osamva kanthu. Che Amidu anamutsegulira la pa 19. Buluu wa yunifolomu, ndi kamaluwa ofiira. Ayi. Anabwerera yekha pakati.

Kanali kamodzi kokha patsamba lonselo. Kachikasu, kokhala ndi timadontho takuda ngati mazira a nkhwali. Kanali katafwifwa m'mbali, koma pamene panapanikizidwa ndi pini mtundu unali ukadali wowala.

Elenala anaika chala pakansaluko. Chipinda chija chinabwerera chonse, fungo la palafini ndi thukuta, kuwala kolowera pa ming'alu ya chitseko, Falida akutukwana m'Chiyao chifukwa panalibe kanthu kouma kokulungira mwana. Falida uja anathamangira pakhonde nabwera ndi nsalu yatsopano, yolimba ndi sitachi. Mwana anali wonyowa, nsalu inasuluka. Pomuvundukula madzulo, kamsana konse kanali chikasu, ndipo Elenala analira kuti mwana wabadwa ndi matenda. Falida anaseka mpaka kugwira khoma. Iwe mtsikana, wabereka papaya!

"Iyi," anatero. "Anamukulunga mu iyi."

Che Amidu anatenga bukulo, naliyandikitsa kumaso, nawerenga. Kenaka anamenya ntchafu.

"Diresi la ukwati la mwana wa Che Twaibu! Mayi, mwandikumbutsa mlandu. Imeneyo sinali nsalu yotsala ayi, anali manja a diresi, nditadula kale. Malemu anangotsomphola pamakina osafunsa. Mkwatibwi anakwatiwa ndi diresi la manja aafupi, amake sanandipatse moni zaka zitatu." Anaseka, misozi ili m'maso, napukuta ndi tepi yoyezera imene inali m'khosi. "Loweruka, 12 Okutobala 1968. Palibenso kukayika."

"Nenaninso."

"Thwelofu Okutobala, sikisite eyiti."

"Ndiye anafa ndi zingati?"

Telala anawerenga pa mfundo za zala. "Eyitini. Ndi miyezi inayi, kuperewera masiku atatu."

Elenala anagwedeza mutu. Eyitini ndi miyezi inayi. Anayesa kuti akalipeza tsikulo pachifuwa papepuka. Sipanapepuke. Kungoti tsopano ankadziwa kukula kwake kwa chimene anataya, mpaka masiku ake.

Che Amidu anang'amba pepala kumapeto kwa kope lina, nanyowetsa pensulo ndi lilime, nalemba manambala akuluakulu kuti kalipentala asaphonye. Atamaliza sanapereke msanga.

"Dzina ndilembenso?"

"Lembani."

"Ndimati... pamtanda mukhoza kungoika Sophia. Ndi lakenso, la ubatizo. Palibe angafunse."

Elenala anayang'ana kunyanja. Bwato la ku Chisi linali litanyamuka, lodzaza mpaka m'milomo, mayi wina atakhala pa thumba la chimanga ndi ambulera. Anaganiza za amayi ake. Anaganiza za mawu a Che Abudu, amene sadzatulukanso m'khutu mpaka naye adzamukhomere bokosi. Sophia linali dzina laukhondo, losalakwa kanthu. Koma Sophia ankamuitana ndi aphunzitsi ndi abusa. Mwana amene ankaba sopo, amene ankayankha amake asanamalize kuyankhula, amene analemba mayeso katatu osagwa mphwayi, sanatembenukepo pa dzina limenelo.

"Lembani lonse," anatero. "Wa ku Kongoyo ankalira mkazi wake, zake zimenezo. Ine ndinamva zimene ndinamva."

Che Amidu analemba. Kenaka anagwira pini ija ndi zikhadabo. "Kansaluka tengani. N'kanu."

"Kasiyeni."

"Mayi, ine ndikafa ana adzayatsira moto makope amenewa."

"Mukakachotsa, tsikulo lidzadziwika ndi chiyani? Kasiyeni pomwepo." Anakakhudzanso kamodzi, natseka bukulo yekha.

Anapinda pepala kanayi, nalimanga pakona ina ya chitenje, mfundo ziwiri. Che Amidu anati adikire tiyi, iye anati penti siidikira. Anatsazika, natsika pakhonde.

Pobwerera dzuwa linali pamutu. Anadutsa mathandala, nadutsa nyumba zomaliza, nalowa m'dambo mmene njira imapyola pakati pa minda yopanda munthu. Ankabwereza chamumtima, thwelofu Okutobala, thwelofu Okutobala, kuopa kuti pepala lingatayike. Pafupi ndi chulu china anaima. Anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kumbuyo. Kunali akakowa okha, akutsata ng'ombe patali.

Ankafuna kumva kuti dzinalo likumveka bwanji tsopano. Anakonza kukhosi, naika dzanja pambali pa kamwa monga ankachitira madzulo mwana akachedwa kuchitsime.

"Zamawaaa!"

Mawu anayenda pamwamba pa ziputu mpaka kumabango. Kakowa mmodzi anauluka, nateranso. Dzina linamveka chimodzimodzi ngati kale, la mwana wake, ndipo iye anapezeka ataima khutu lili tcheru, akudikira kuti wina ayankhe mwaulesi kuti ndikubwera, amayi, mwatani kodi.

Anadikira nthawi yaitali kuposa mmene munthu wanzeru zake angadikirire. Kenaka anakhala pansi m'mbali mwa njira, miyendo tambalale ngati pasiwa, nalira maliro amene anamuletsa mu Febuluwale, mokuwa, popanda womugwira mapewa kapena womuuza kuti zachitika basi. Atatopa anamina, napukuta kumaso ndi mpango, napapasa mfundo ija kuti aone ngati ilipo. Kwa a Dunstan kunali kukadali kutali, ndipo ankafuna akaime pomwepo iwo akulemba.